MLENDO M'MUDZI MWAKE: ZA ABALE ATHU OBWERERA MWADZIDZIDZI KUCOKERA KU DURBAN

 Nkhani imene ndakutengerani lero ndi ya munthu wobwerera kwao. Za munthu wopita ku nchito kutali tinazolowera kukamba. Timadziwa m'mene amatsazikira, timadziwa kamba amene amai ake amamkonzera, ndi malangizo amene amalume ake amampatsa usiku wotsiriza. Koma za munthu amene wafika tsiku limene sitinamyembekeze, wopanda katundu, wopanda mau otsogola, sitikambirana kawirikawiri, ndipo iye mwini safuna kuzichula. Ine ndifuna kuti tizikambe, pakuti anthu otere alipo ambiri m'midzi mwathu, ndipo kapena wina wa iwo wakhala pambali panu pomwepo pamene mulikumvera.

Poyamba ndikuuzeni za malo amene anacokera. Durban ndi mzinda waukuru wa m'mbali mwa nyanja ya mcere, m'cigawo ca KwaZulu-Natal, ndipo doko lake ndilo lotanganidwa koposa madoko onse a m'dziko la South Africa. Ambiri okhalamo ndi Azulu, amene amaucha mzindawo eThekwini. Mulinso Azungu, ndi Amwenye oculuka, zidzukulu za aja anayamba kufika m'caka ca 1860 kudzagwira nchito m'minda ya nzimbe. Kwathu kuno aliyense wopita kumwera timangoti wapita ku Joni, ngakhale kuti kucokera ku Johannesburg kukafika ku Durban ndi ulendo wa maora asanu ndi limodzi pa galimoto, kapena kuposapo. Amalawi okhala kumeneko amasoka zobvala m'mafakitale, amagulitsa m'masitolo, amasamala maluwa m'nyumba za anthu olemera, ena ndi alonda a usiku. Ambiri alibe zikalata zowaloleza kugwira nchito, cotero amalandira zocepa, nagona m'tizipinda ta lendi kapena m'tinyumba ta malata kunja kwa mzinda, nasunga kangacepe kuti atumize kumudzi.

Kumapeto kwa mwezi wa March 2015 cipolowe cinabuka ku Isipingo, dera la kumwera kwa mzindawo, ndipo m'masabata oyamba a April cinafalikira m'madera ena a Durban, kenaka cinakafika ku Johannesburg. Magulu a anthu onyamula zikwanje, nkhwangwa ndi zibonga anali kuthyola masitolo ndi nyumba za alendo ocokera ku maiko ena a mu Africa, namati alendowo ndiwo awalanda nchito. Masiku ocepa cipolowe cisanayambe, mfumu ya Azulu, Goodwill Zwelithini, inalankhula ku Pongola mau amene anthu anawamva kuti alendo amange akatundu ao abwerere kwao. Pambuyo pake mfumuyo inati anthu sanaimvetse, ndipo pa 20 April inasonkhanitsa khamu pa bwalo la Moses Mabhida kuliuza kuti lileke kuzunza alendo. Tisaiwalenso kuti pa 16 April anthu zikwizikwi a mu Durban momwemo anayenda m'miseu kudzudzula nkhanzazo. Si Mzulu aliyense amene anatola cikwanje ai. Koma pofika masiku amenewo anthu 7 anali atafa kale, monga mwa ciwerengero ca Boma la dzikolo, ndipo alendo ambirimbiri anali kugona m'mahema pa mabwalo a mpira ku Isipingo, ku Chatsworth ndi ku Phoenix.

Boma la Malawi linalengeza kuti anthu ake okwana ngati 3,200 akhudzidwa, ndipo linatumiza mabasi okawatenga. Njira yake ambiri a inu mumaidziwa: kuoloka Limpopo pa Beitbridge, kupyola Harare, kutuluka m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kuoloka Zambezi ku Tete, ndi kulowa kwathu pa Mwanza. Usiku wa pa 20 April mabasi 6 oyamba, onyamula anthu 390, anafika mu Blantyre, ndipo ena anatsatira pambuyo. Ambiri a obwerawo anali a ku Mangochi ndi maboma oyandikana nalo. Anawalandira akuruakuru a Boma, olemba nyuzi anawajambula, kenaka anawaperekeza ku maboma a kwao. Apa ndi pamene nkhani za m'nyuzi zinathera, pakuti aliyense anati, "Apulumuka, afika kwao, zatha." Koma kwa obwerawo bvuto laciwiri linali kungoyamba kumene, ndipo ndilo limene ndifuna kuti tilione.

Kuti timvetse cimene cinawadikira kumudzi, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Ulendo wa kumwera sunayambe dzulo. Komiti imene Boma la Nyasaland linasankha m'caka ca 1935 kuti ifufuze za anthu opita kunja inapeza kuti amuna ngati 120,000 anali kunja kwa dziko. Ambiri a inu acikulire mukumbukira bungwe la Wenela, limene linali kulemba anthu a nchito ya m'migodi ya golidi. Munthu wa Wenela anali kudziwa tsiku lobwerera cikhalire miyezi yambiri, pakuti pangano lake linali ndi malire. Gawo lina la malipiro ake anali kumsungira kuti akalandirire kuno kwathu. Cotero anali ndi nthawi yogula bulangeti la amai ake, nsaru ya mkazi wake, njinga, makina osokera, galamafoni, ndi suti yobvala potsika. Kalata inali kutsogola, amai naphika thobwa, ana nakamcingamira kumseu. Mwa njira imeneyi midzi yathu inaphunzira phunziro limodzi nililoweza pamtima, lakuti munthu wocokera ku Joni amabwera ndi cuma. Wosabwera konse tinampatsa dzina lake, ndiye mchona. Tsono tinali ndi mitundu iwiri yokha, wobwera ndi bokosi ndi wotayika. Wacitatu, wobwera cimanjamanja asanakonzeke, sitinampangire dzina, ndipo mwambo womlandirira tilibe.

Komatu si koyamba kuti anthu abwere mosayembekezeka. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela yonyamula anthu athu a m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nafa anthu oposa 70. Dr. Kamuzu Banda analetsa pomwepo kulemba anthu, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi. Kulemba kunayambanso pang'ono mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene ife timati Theba, kufikira 1988, pamene panabuka mkangano wa kuyeza magazi cifukwa ca matenda a Edzi, ndipo anthu ngati 13,000 anabwezedwa m'zaka zotsatira. Koma ngakhale amenewo anatsika ndi kabokosi m'manja. A ku Durban a mu 2015 ambiri anatsika ndi zobvala za m'thupi zokha.

Ndisanalowe nchito yofalitsa nkhani ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya m'boma la Machinga, ndipo mmodzi wa obwera pa mabasi aja anali mnyamata amene ndinamphunzitsa. Dzina lake sindilichula. Anacoka m'caka ca 2006 ataphunzira utelala kwa amalume ake, napeza nchito m'kafakitale kosoka zobvala pafupi ndi Isipingo. Anabwera kumudzi kamodzi kokha, kumayambiriro kwa 2010, nakwatira, nabwereranso atasiya mkazi ali ndi pakati. Amai ake anamwalira mu 2013 iye ali konko. Sanathe kubwera ku maliro, poopa kuti akatuluka sadzaloledwanso kulowa. Usiku wa cipolowe mai wina wa Cizulu, mwini cipinda cimene anali kucita lendi, anambisa m'nyumba mwake kufikira kunaca. Makina ake osokera amene anagula ndi ndarama zake anapita, pamodzi ndi zonse za m'cipindamo. Anakhala m'hema masabata awiri kapena atatu, ndipo anafika kwao ndi bulangeti limodzi, kathumba ka pulasitiki, ndi kiyi wa cipinda cija m'thumba.

Ndinakomana naye m'mwezi wa June caka comweco pa msika wina. Anali ataonda, atakhala yekha pa khonde la sitolo. Titapatsana moni ndinamfunsa kuti, "Nanga cikukubvuta nciani, popeza unapulumuka ndipo uli kwanu?" Iye anayang'ana pansi kanthawi, nati, "Aphunzitsi, anthu onse ndikuwadziwa maina, njira zonse ndikuzidziwa, koma ndikukhala ngati mlendo amene wakhalitsa." Tinakhala pamenepo kufikira dzuwa linapendeka, iye alikufotokoza, ndipo zimene anandiuza ndazimvanso kwa ena ambiri kucokera nthawi imeneyo.

Coyamba cinali usiku. Zaka zisanu ndi zinai anagona m'phokoso la magalimoto ndi kuwala kwa magetsi. Tsopano mdima wa kumudzi ndi bata lake zinali kumsowetsa tulo, ndipo nthawi ya 4 koloko m'bandakuca anali kudzuka monga mwa cizolowezi kuti akakwere minibasi ya ku nchito, napeza kuti kulibe kopita. Anali kuyenda mofulumira ngati wothamangira sitima, napereka moni wa mau awiri osaima, ndipo akuru anati mwanayu wataya ulemu. Polankhula, mau a Cizulu anali kumtuluka osafuna, ana namseka, namucha dzina lakuti Yebo. Polowa m'nyumba anali kutseka citseko ndi kupiringidza ngakhale masana, cifukwa kumene anacokera wosatero amaberedwa. Koma inu mudziwa kuti m'mudzi citseko cotseka masana cimanena kuti mwini wake ndi womana, kapena ali ndi cobisa. Ndipo anthu anayambadi kunong'onezana kuti ndarama za ku Joni anazikumbira pansi.

Za cakudya ndizo zinandidabwitsa ine. Ali ku Durban anali kulota nsima ya ufa woyera, thelere ndi usipa wa kwathu. Atafika anadya mokondwa masiku atatu, kenaka mtima unayamba kufuna buledi wa m'mawa, tiyi wa mkaka, ndi nkhuku ya tsabola monga aphikira Amwenye. Sanathe kuuza mkazi wake, pakuti cinali caka ca njala. Mukumbukira kuti mu January 2015 madzi osefukira anaononga minda ndi nyumba, kotero kuti President Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, ndipo zokolola za caka cimeneco zinacepa kwambiri. Banja limene linali kudalira ndarama zake mwezi ndi mwezi linataya ndaramazo, nililandira pakamwa pena poti padye, pa nthawi imene nkhokwe inali yopanda kanthu. Nsima iriyonse imene anatema anaimva ngati ya ngongole.

Ndarama nazo zinamsokoneza. Pamene anaona dziko lino komariza, ndarama yaikuru ya pepala inali K500. Mu 2012 munatuluka ndarama zatsopano, zocepa msinkhu, zokhala ndi nkhope zosiyanasiyana: Kamuzu Banda pa K1,000, John Chilembwe pa K500, Rose Chibambo pa K200, James Sangala pa K100. M'caka comweco mphamvu ya kwacha inatsitsidwa, mitengo ya zinthu niikwera. Tsono munthu wamkuru, wodziwa masamu, amene ndinamphunzitsa ndekha, anali kuima pa msika alikutembenuza kapepala m'manja ngati mwana wotumidwa. Pofuna kudziwa ngati cinthu ndi codula anali kuyamba waciwerengera m'marandi, ndipo akacita zimenezi mokweza anzake anali kuti alikudzitama. (Ndinamuuza moseka kuti ngakhale mbendera ya dziko inasinthidwa mu 2010 niibwezedwanso mu 2012, ndipo kuti pa zimenezi pokha ndi pamene kusowa kwake kunampindulira, popeza anaipeza monga anaisiyira.) Cacikuru koposa cinali cakuti ku Durban anali kulandira malipiro Lacisanu liri lonse, pamene kumudzi munthu amalandira kamodzi pa caka, akakolola. Wozolowera kuwerenga moyo wake m'masabata amabvutika kuuwerenga m'nyengo za mvula.

Nyumba imene anali kutumizira ndarama zaka zonsezo anaipeza italekera m'mazenera, ndipo khoma limodzi linagwa ndi mvula ya January. Atafunsa za malata, acibale anamuuza kuti ndarama zina zinathera pa matenda ndi maliro a amai ake, zina pa feteleza, zina sizinadziwike. Kodi akanakwiyira yani, iye amene sanaponyeko dothi pa manda a amai ake? Munda umene unali wake unali kulimidwa ndi mlamu wake. Mwana wake wamkazi wa zaka zinai, amene anali kumdziwa pa cithunzi cokha, anagwada patali napereka moni monga acitira kwa mlendo, nafunsa amake madzulo kuti, "Kodi alendowa apita liti?" Ndipo mkazi amene anamsiya ali msungwana wamanyazi anampeza ali mai wodziimira, wogulitsa mpunga pa msika, wosunga buku la gulu la banki mkhonde, wozolowera kulamula za pakhomo osafunsa munthu. Palibe amene analakwa pamenepa, komabe m'nyumbamo munali anthu awiri osadziwana.

Pasanathe mwezi anadwala malungo oopsa. Apa ndiime pang'ono, pakuti ndi nkhani ya moyo. Ku Durban kulibe malungo, ndipo thupi la munthu amene wakhala zaka zambiri kopanda malungo limaiwala kulimbana nao. Cotero wobwera kucokera kumeneko, ngakhale anabadwira m'mbali mwa Shire, ayenera kugona m'neti kuyambira usiku woyamba, ndipo akangomva kutentha thupi apite ku cipatala tsiku lomwelo, asayese kuti ndi malungo a masiku onse. Palinso nthenda ina yosaoneka ndi maso. Mnyamatayo anandiuza kuti m'mawa wina anaona gulu la adzukulu likudza ndi makasu ndi zikwanje kunka ku manda, ndipo asanaganize kanthu miyendo inamthamangitsa, nakabisala m'munda wa nandolo. Anthu anaseka sabata lathunthu. Iye sanaseke, pakuti cimene anaona m'maso mwake cinali gulu lija la ku Isipingo.

Koma mau amene anandikhudza koposa ndi awa, amene ananena motsitsa, atayamba wayang'ana uku ndi uku: "Aphunzitsi, ndikupukwa Durban. Ndikupukwa nyanja ija, makina anga, anzanga a ku nchito, ndi mai uja anandibisa. Ndingauze yani kuti ndikulakalaka kumene anafuna kundipha? Adzati ndapenga." Ndinamuuza kuti sanapenge. Munthu sangakhale zaka zisanu ndi zinai pa malo osamerapo mizu, ngakhale malowo akhale a minga. Wa Wenela uja anali ndi miyezi yotsazikira anzake ndi kukonza mtima wake. Uyu anazulidwa usiku umodzi, osatsazika ndi mmodzi yemwe, ndipo cisoni cotero sitimacilola kuti cilire, popeza timati wopulumuka ayenera kungothokoza.

Musayese kuti zimenezi ndi za Amalawi okha, kapena za anthu osauka okha. M'caka ca 1945, pamene asilikari a nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anali kubwerera kwao, munthu wina wophunzira za makhalidwe a anthu, dzina lake Alfred Schutz, analemba ku America za munthu wobwerera kwao. Mfundo yake inali yakuti mlendo wopita ku dziko lacilendo amadziwiratu kuti akapeza zacilendo, motero amakonzeka. Koma wobwerera kwao amayesa kuti akudziwa zonse, ndipo ncifukwa cake amapunthwa. Iye amasunga m'mtima mudzi wa tsiku limene anacoka, a kumudzi nao amasunga munthu wa tsiku lomwelo, koma onse awiri asintha. Ngakhale kwathu kuno tiri ndi citsanzo cochuka. Pamene Dr. Banda anatsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, analankhula kwa anthu a mtundu wake m'Cingerezi, wina namasulira. Ngati munthu wolandiridwa ndi khamu lotero anafika ali ngati mlendo pa cinenero ca makolo ake, nanga telala wotsika basi usiku ndi kathumba ka pulasitiki?

Tsono ndilankhule ndi inu a kumudzi. Timakonda mwambi uja wakuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo ndi woona, koma kawirikawiri timaunena monyogodola, ngati kumuuza munthu kuti, "Waona, si uyu wabwera." Lekani kutero. Funso lija lakuti "Mwatitengera ciani?", limene timafunsa moseka, kwa munthu wotere limalasa ngati mubvi, ndipo ena amabisala m'nyumba masiku ambiri poliopa. Ndamva za ena amene atafika mu Blantyre sanapitirire kumudzi konse cifukwa ca manyazi, nasanduka machona m'dziko lao lomwe. Inu amalume, inu eni mbumba, mperekezeni ku manda a amene anamwalira iye kulibe, ndipo muuzeni makomo amene ayenera kukapepesako maliro, pakuti iye sadziwa, ndipo akadutsa khomo lotero osaima mudzati ndi wonyada. Za ndarama zimene anatumiza mfotokozereni poyera, zoona zokhazokha, ngakhale zikhale zowawa. Kukaika kumaononga cibale kuposa kutaya. Inu a mfumu, musadikire kuti abwere kudzapempha pogwada. Muitaneni mvula isanagwe mumuonetse polima. Ndipo akayamba kusimba za Durban, msiyeni asimbe. Ambiri timafuna kumva za usiku wa zikwanje wokha, kenaka timatopa. Koma iye anakhala kumeneko masiku zikwi zitatu, ndipo oculuka mwa masikuwo anali a nchito, a kuseka, a maphunziro. Pa zimene anaona pangakhale cina cothandiza mudzi.

Kwa inu obwera ndiri ndi mau ocepa, ndipo ena sakoma. Pamene munali kutali, otsala nao anabvutika. Anaika maliro, anathawa madzi, analera ana anu. Musayambe ciganizo ciri conse ndi mau akuti "Ku Durban timatere," pakuti womva amamva kuti mulikumnyoza. Mkazi amene anasunga khomo zaka zonsezi musamlande ulamuliro tsiku limodzi ngati kuti anali mlonda wanu. Mwana wanu musamkakamize kukuchani bambo. Mtengeni popita ku dimba, dzinalo lidzabwera lokha. Funani anzanu amene munakwera nao basi, kuti pakhale wina womva nkhani zanu osamasulira. Ndipo ngati tulo tikusowa miyezi yambiri, kapena mwayamba kumwa kuti muiwale, pitani mukalankhule ndi a cipatala kapena atsogoleri a cipembedzo canu. Palibe camanyazi pamenepo.

Sindikubisirani kuti ambiri a obwera mu 2015 sanakhalitse. Caka ca 2016 kunagwa cilala, nchito kunalibe, ndipo anyamata anagulitsa mbuzi nakweranso basi ya kumwera. Ine sindiwaweruza, ngakhale ndimawacenjeza kuti woyenda wopanda zikalata alibe pothawira zinthu zikabvuta. Ndipo zinabvutadi kaciwiri. Mu March 2019 Amalawi a ku Burnwood, m'Durban momwemo, anathamangitsidwa m'nyumba zao, ena nabwerera kuno. Mu May 2020, nchito zitatsekedwa cifukwa ca mliri wa Covid-19, mabasi anabweretsanso anthu ambiri, ndipo oposa 400 amene anasungidwa pa bwalo la Kamuzu Stadium mu Blantyre kudikira zotsatira za kuyezedwa anatulukamo osaloledwa. Nthawi imeneyo obwera anapeza cacilendo cina coposa: abale ao omwe anali kuwaopa kuti abwera ndi matenda.

Mnyamata wanga uja iye anatsala. Mkazi wake anakongola ndarama ku banki mkhonde, nabwereka makina akale opalasa ndi miyendo kwa telala wina wokalamba amene maso anali atamfooka. Anandiuza kuti sabata loyamba anali kudula ulusi kosalekeza, cifukwa miyendo yake inazolowera makina a magetsi, ndipo anacita kuphunziranso ngati mwana. Anayamba ndi zigamba, kenaka mayunifolomu a sukulu, ndipo masokedwe ake a kolala ndi matumba, amene anaphunzira m'fakitale muja, anamkokera anthu ocokera kutali. Khoma lija analimanganso, koma malata anakwanira mbali imodzi yokha ya denga. Dzina lakuti Yebo silinacoke, ndipo anafika pomalibvomera akaitanidwa.

Ndinamuona komariza mu April 2022. Masiku amenewo mvula yoopsa inagwa ku Durban, madzi nakokolola nyumba ndi milatho, nafa anthu oposa 400, ndipo Isipingo linali limodzi la madera omira. Ndinampeza ataleka kusoka, alikuyesa kuimba lamya kwa mai wa Cizulu uja. Anayesa masiku atatu osayankhidwa. Tsiku lacinai maiyo anayankha. Anali moyo, koma madzi analowa m'nyumba kufika m'ciuno, ndipo kacipinda ka kuseri kaja kanagwa. Analankhulana m'Cizulu nthawi yaitali, mwana wake wamkazi ataima pambali alikudabwa kumva atate ake akuseka m'cinenero cimene iye sacidziwa. Atatha anafunsa mkazi wake ngati pangapezeke kangacepe kotumizira maiyo, ndipo mkaziyo anati aona Loweruka, gulu likakumana. Kiyi wa cipinda cija anali akali naye, atammangirira ndi kansaru ku sizasi yake kuti isasowe pa khonde.